KOLERA INATIPHUNZITSA THEKA CHABE LA NKHANI YA TIZILOMBO

Anthu a m'boma la Nkhata Bay sadzachiiwala msanga chaka cha 2022. Nthenda ya kolera, imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi, inafika kuno cha mu Ogasiti, mvula itasiya kalekale, ndipo inayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ngati moto wa lupsa. Pofika pakati pa chaka cha 2023 anthu opitirira 58,000 anali atadwala m'dziko lonse la Malaŵi, ndipo oposa 1,700 anali atatisiya.

Phunziro limene ambiri tinatolapo ndi lakuti kachilombo kalikonse kosaoneka ndi maso ndi mdani woyenera kuphedwa. Ngakhale m'kalasi, mwana akafunsidwa ntchito ya mabakiteriya amayankha mosazengereza kuti ndiyo kudwalitsa anthu, ife aphunzitsi n'kumuchonga. Yankho limeneli ndi loona, koma ndi theka chabe, ndipo theka losiyidwalo ndi limene tikufuna kukambirana lero.

M'matumbo mwa munthu wamkulu muli mabakiteriya ochuluka pafupifupi mofanana ndi maselo a thupi lake lonse, ndipo onse pamodzi amalemera ngati magalamu 200. Ambiri mwa iwo ndi anansi okhalitsa. Amadya zotsalira za masamba, nyemba ndi gaga zimene ife sitingathe kugaya, ndipo potero amatulutsa timadzi timene timadyetsa khoma la matumbo. Khomali ndi lopyapyala zedi, la mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo kuseri kwake kwandanda asilikali ambiri a chitetezo cha m'thupi. Asilikaliwa sabadwa akudziwa mdani. Amaphunzira pokhala moyandikana ndi mabakiteriya abwino kuyambira tsiku limene mwana wabadwa, ndipo chachikulu chimene amaphunzira ndicho kudziletsa. Msilikali wosaphunzitsidwa amalasa aliyense, ngakhale mwini mudzi. Pamenepo m'pamene pamayambira kutupa kosatha kwa m'matumbo ndi matenda ena amene thupi limadziukira lokha. Mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu ina ya shuga imene khanda silingagaye konse. Ntchito yake ndi kudyetsa mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium, amene amatchinjiriza mwanayo.

Pakhungu zili chimodzimodzi. Kachilombo kotchedwa Staphylococcus epidermidis kamakhala pa ife tonse, ndipo mitundu ina ya kachilomboka imatulutsa mankhwala olepheretsa mbale wake woopsa, Staphylococcus aureus, amene amadzetsa zithupsa. Khungu likang'ambika, monga mwa mwana wokanda mphere usiku wonse, adani amapeza khomo. Ena mwa adaniwo, a mtundu wa Streptococcus, amautsa chitetezo cha m'thupi mwa njira yakuti patapita masabata angapo impso za mwanayo zimatupa. Mphere si nthenda yoti tiziiseka m'magonero a sukulu.

Wina angayese kuti izi ndi nzeru za kutali, koma umboni wina waukulu unachokera m'dziko lathu lomwe lino. Mu 2013 akatswiri otsogozedwa ndi Jeffrey Gordon wa ku Washington University mu mzinda wa St Louis anafalitsa zimene anapeza atatsatira mapasa 317 a ku Malaŵi, kuwerenga awiriawiri. Chimene chinawazunguza mutu n'chakuti nthawi zina mmodzi amatupikana ndi nthenda ya kwashiorkor pamene mnzake ali bwino, chonsecho mayi ndi mmodzi, mbale ya phala ndi imodzi. Anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha anawo nawaika mwa mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse m'thupi, kenaka nazidyetsa chakudya chofanana ndi cha kumudzi kwathu. Mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a mwana wotupikana zinaonda kwambiri, zinzake ayi. Ndipo ana odwalawo atapatsidwa chiponde, mabakiteriya awo anasintha kwa kanthawi, koma chiponde chitatha anayamba kubwerera mwakale. Tanthauzo lake ndi lakuti njala ndi tizilombo tolakwika zimagwirana manja pogwetsa mwana.

Kwa ife odya kondowole nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Choyamba, amayi athu akhala akugwiritsa ntchito mabakiteriya kuyambira kale osawatchula dzina. Akaviika chinangwa chowawa m'madzi kwa masiku angapo, ndi tizilombo timene timachifewetsa kuti ululu wake utuluke. Amene amachivuula msanga chifukwa cha njala kapena changu cha malonda amadyetsa banja lake poizoni. Chachiwiri, kondowole amapatsa mphamvu koma alibe zomanga thupi zokwanira. Mwana wosiya kuyamwa amene akudya kondowole ndi msuzi chabe, pamene usipa wonse wakwera galimoto kupita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, akumanidwa iye pamodzi ndi anansi ake a m'mimba. Chigwada chotendera, nyemba ndi kausipa kosinja m'phala si zakudya zaumphawi ayi.

Pano pafunika kusamala, chifukwa wina angamve molakwa n'kunena kuti uve ndi wabwino popeza umalimbitsa thupi. Ayi ndithu. Mwana amene amameza tizilombo ta m'chimbudzi tsiku ndi tsiku, kudzera m'madzi a m'nyanja kapena dothi la pabwalo, matumbo ake amakhala otupa mosalekeza ngakhale asakutsegula m'mimba, ndipo salandira bwino chakudya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amaganizira pofotokoza kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Chimbudzi, sopo ndi madzi othira klorini zimachotsa adani ochokera kunja, pamene anansi a m'matumbo amatsala ali gwa.

Chimene chimasesa anansiwo ndi makapisozi omwedwa mwachisawawa. Msodzi aliyense amadziwa zimene katupe amachita padziwe: amene anafuna nsomba imodzi ya ndiwo amapha zonse, ndi tiana tomwe. Amoxicillin kapena Bactrim wogula pa okala chifukwa cha chimfine amachita zomwezo m'matumbo, pamene chimfinecho, poti chimadza ndi mavairasi, sachikhudza n'komwe. Ngakhale pa kolera yeniyeniyo, chimene chimapulumutsa odwala ambiri ndi madzi a Thanzi ndi diripi. Mankhwala opha mabakiteriya amaperekedwa makamaka kwa amene afooka kwambiri.

Sindikunyoza mankhwalawa. M'chaka chomwecho cha 2013 kafukufuku wina wa ana 2,767 onyentchera kwambiri m'dziko muno anaonetsa kuti mwa ana olandira chiponde chokha anamwalira oposa 7 pa 100 aliwonse, pamene mwa olandira chiponde ndi amoxicillin anamwalira osakwana 5. Mankhwala operekedwa ndi dokotala kwa mwana woyenera ndi moyo. Vuto ndi lakuti tikawamwa pamene sakufunika, mabakiteriya opulumuka amakhala osamva mankhwala, amaswana m'matumbo mwathu, ndipo amafalikira kwa ena kudzera m'njira zomwe zija kolera inadzera. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre anayeza mabakiteriya a E. coli opezeka m'magazi a odwala. Mu 2003 osamva gulu la mankhwala a jakisoni odalirika, monga ceftriaxone, sanali kufika ngakhale mmodzi pa 100 aliwonse. Pofika mu 2016 anali 30. Kwa mabakiteriya a Klebsiella, amene amapha makanda ambiri m'zipatala, chiwerengerocho chinachoka pa 12 kufika pa 90.