Kalata ya mwana wa ku Mabvuku

Masiku ano pa maliro ku Mabvuku kapena ku Tafara simulephera kumva akuluakulu akudandaula kuti ana athu sadziwa Chichewa chifukwa wailesi inatitaya. Ine ndatopa nawo madandaulo amenewa.

Ndinakula ndikumvera Mbuya Mlambo, amene ana a m'Zimbabwe monse ankawatcha Mbuya Chirambakusakara. Nthawi ya pulogalamu ya ana ikakwana pa Radio 2, mpira wa mapepala tinkausiya mu msewu n'kuthamangira m'nyumba. Chimene tinkadikira kwenikweni ndi dzina. Dzina la mwana likatchulidwa pa wailesi, mawa lake kusukulu ankayenda ngati mfumu.

Nanenso ndinalemba kalata, m'Chichewa, kupempha nyimbo yoti ipite kwa agogo anga, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu ku Highlands. Kalatayo sinafike n'kupositi komwe. Anaing'amba ndi mayi anga. "Ukufuna lokeshoni yonse idziwe kuti ndife Mabhurandaya?" Anandilembetsa ina m'Chishona, dzina la bambo tinalisiya.

Mayi sindiwaweruza. Mantha awo anali ndi pogwira, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 litasandutsa ambiri a ife alendo m'dziko lobadwira, zinaoneka kuti sankalota. Koma tisanamizire woulutsa mawu kuti anakana kuwerenga makalata amene ife eni ake sitinatumize.

Nanga lero tikubisalira chiyani? Radio 4 inasanduka National FM, ndipo Chichewa chimamveka pamenepo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 amatchula zilankhulo 16, ndipo choyamba pa mndandandawo ndi chathu. Alick Macheso waimba m'Chichewa pamaso pa khamu la anthu, Ashona n'kumavina osafunsa kuti kwawo n'kuti. Sitampa siikufunikanso, uthenga wa pa WhatsApp ndi wokwanira.

Komabe mlungu wathawu mdzukulu wanga atandipempha foni kuti apereke moni kwa anzake pa wailesi, bambo ake, mwana wanga wobereka ndekha, anamuuza kuti alembe m'Chingerezi "kuti zimveke bwino". Ndinalanda foniyo, ndinamukhazika mwanayo pa mwendo, ndipo tinalemba limodzi m'Chichewa, dzina la agogo ake lonse lathunthu, mudzi wa ku Dedza n'kuuwonjezera.