Walira Mvula Walira Matope

Anthu ambiri akamva za mzinda wa Goma ku Congo amapukusa mutu. Phiri la Nyiragongo linalavula moto mu 1977, mu 2002 ndiponso mu 2021, koma eni dera amathawa ndi kubwereranso. Kodi kumeneku ndi kupusa? Iai. Phulusa la phiri lotere likakhalitsa limasanduka nthaka yaconde. Ndico cifukwa cake nthoci ndi tiyi zimakondwa m'tsinde mwa phiri la Rungwe ku Tanzania. Mlimi amakhala kumene khasu limamdyetsa.

Kuno ku Rufunsa kulibe phiri lamoto. Madzi otentha a pa Chinyunyu ndi mvula yolowa m'ming'alu yakuya, imene miyala ya pansi imaitenthetsa. Komabe mcitidwe wathu ndi womwewo. Timalima madimba m'mbali mwa Lunsemfwa ndi Luangwa tikudziwa bwino za zigumula, ng'ona ndi mvuu, pakuti cinyontho cili komweko.

Cotero tisawaseke anzathuwo, koma titengepo phunziro. Dimba likhale kumtsinje, nyumba ndi nkhokwe zikhale kumtunda. Mafumu ndi aboma akacenjeza za ngozi, tisamuke tsiku lomwelo. Munda wokokoloka umalimidwanso, koma munthu wopita ndi madzi sabwerera.