Uthenga wa pa foni ungafike ku Tete madzi asanafike

Mvula ikagwa yambiri kuno ku mapiri a Angónia, oyamba kudziwa ndi ife. Anzathu a ku Moatize ndi a mumzinda wa Tete amadziwa madzi atalowa kale m'nyumba, pakuti mtsinje wa Revúbuè umatenga madzi ake kumtunda kuno. M'mwezi wa Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa, mtsinjewu unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo Administrador wa boma la Tete, a José Mandere, anakokoloka ndi madzi ali m'galimoto.

Masiku amenewo anthu ambiri analemba pa Facebook zimene ankaona. Koma ndani angawerenge mauthenga zikwizikwi usiku umodzi? Apa ndi pamene akatswiri amagwiritsa ntchito kompyuta. Iyo imasefa mauthenga monga mayi apetera chimanga, n'kupatula onena za madzi osefukira, mlatho woduka kapena anthu osowa, kenaka n'kuika malowo pa mapu kuti othandiza adziwe koyambira.

Njirayi siyachilendo. Chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti mu 2010, anthu ankatumiza madandaulo awo pa nambala 4636, ndipo gulu la Ushahidi, lomwe linayambira ku Kenya mu 2008, linkawaika pa mapu. Koma mauthengawo anali m'chikiliyo, ndiye panafunika eni chinenerocho kuti awamasulire.

Vuto lathu nalo lagona pomwepo. Makompyutawa anaphunzitsidwa kwambiri Chingerezi ndi Chipwitikizi, pamene mlimi wa ku Dómuè amalemba Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ambirinso salemba n'komwe, amangojambula mawu pa WhatsApp, komwe kompyuta ya kunja siingasuzumire. Nanga gogo wopanda foni? Mudzi umene uli chete pa mapu ukhoza kukhala womwe wavutika koposa. Palinso mabodza: wina amatumiza chithunzi cha ku Blantyre cha namondwe Freddy wa mu 2023 n'kumati ndi cha dzulo.

Tsono bungwe la INGD, loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, likafuna kumva anthu a m'malire muno, lilembe achinyamata odziwa Chichewa kuti azithandizana ndi makinawo. Lisaiwalenso wailesi, mafumu ndi makomiti a m'midzi. Nambala yaulere ya 1458, yomwe inatsegulidwa mu 2019 namondwe Idai atasakaza dziko lino, inaonetsa kuti anthu amalankhula akapatsidwa pokanena.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Polemba uthenga, tchulani mudzi, mtsinje, tsiku ndi ola, ndiponso chimene mwaona ndi maso anu. "Zinthu zavuta kuno" sathandiza munthu. Koma mukati mtsinje wakutiwakuti wadzadza m'mawa uno pafupi ndi Ulónguè, mwapatsa wa kumunsi nthawi yosamutsa ana ndi mbuzi.