Za Kumeta ndi Kujambula Nsidze

Mwambo wina wafala ku Machinjiri, ku Ndirande ndi ku Bangwe, ndipo ukufika ndi kumidzi komwe. Mwambo umenewu tifuna kuutsutsa poyera. Atsikana ambiri, ngakhalenso amayi ena apabanja, ameta nsidze zawo zonse ndi lezala, nalemba mzere wakuda ndi pensulo m'malo mwake. Ati atero chifukwa nsidze zawo nzochepa. Koma kodi mlimi amene chimanga chake chamera patalipatali amazula ndi chotsalacho? Iyayi, amapakiza.

Timveke bwino, abale. Sitinena kuti kudzikongoletsa ndi tchimo, pakuti agogo athu anadzola mafuta a nsatsi, navala mikanda. Ena adzatikumbutsa za Yezebeli amene anapaka maso ake. Koma iye anaweruzidwa chifukwa cha mafano ndi mwazi wa Naboti, si chifukwa cha utoto. Mlandu wathu uli ndi lezala, ndipo zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, nsidze zili ndi ntchito. Zitchinga thukuta ndi madzi a mvula kuti zisalowe m'maso. Zikametedwa zitenga miyezi kuti zibwerere, ndipo zikazulidwa kawirikawiri mizu yake itha kufa, osameranso. Nsidze zonga ulusi zinatchuka ndi akazi a m'mafilimu a ku America m'zaka za m'ma 1930, monga Marlene Dietrich. Zinabweranso m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kutama nsidze zambiri. Fashoni inapita, koma ena amene anazula awo anatsala ndi mphumi yosalala. Kodi nkwanzeru kutaya cha moyo wonse chifukwa cha chinthu cha nyengo imodzi?

Chachiwiri, pali ngozi. Lezala limodzi likayenda pa nkhope za anthu asanu mu saluni, litha kutenga mwazi wa wina nkuupereka kwa mnzake, ndipo umo ndi momwe matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B, ngakhalenso HIV, athera kufalikira. Ndiponso utoto wosalembedwa dzina, wogulidwa pa mphasa mumsika, palibe angadziwe chimene chili m'kati mwake. Utoto wakuda wotchedwa kohl, umene Aigupto akale anapaka m'maso, kawirikawiri upangidwa ndi mwala wa mtovu, ndipo boma la America saulola kugulitsidwa. Mtovu uwononga ubongo wa ana, ndipo mayi woyembekezera aupatsira mwana ali m'mimba. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndicho chachikulu. Nsidze zikayamba kuthothoka zokha, makamaka kumapeto kwake cha kukhutu, nthawi zina thupi likuchenjeza mwini wake. Chithokomiro chikafooka chichita zotero. Khate nalonso lichita zotero. Dziko la Malawi linachepetsa khate kwambiri pofika 1994, koma silinathe, ndipo odwala atsopano apezekabe. Mankhwala ake ngaulere, amwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo woyamba msanga sapunduka. Tsono mkazi amene ameta ndi kujambula tsiku ndi tsiku adzaona bwanji chizindikirocho? Wafafaniza yekha kalata imene inayenera kukafika kwa dokotala. Woona nsidze zake zikutha, kapena banga lotuwa losamva kukhudza pakhungu, apite kuchipatala cha pafupi, kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital, asanapite ku saluni.

Nanga iye amene anabadwa ndi nsidze zochepa achite chiyani? Apakize. Akhale ndi pensulo yakeyake yolembedwa dzina la woipanga, yoderako pang'ono, yosada bii ngati makala, naisongole bwino. Apese tsitsi la nsidze cha kumwamba, aone pamene pali mipata, nalembe timizere tating'ono totsata kumene tsitsilo lagonera, osati mzere umodzi wautali. Nsidze iyambire pamwamba pa ngodya ya diso ya kumphuno, nithere pang'ono kupitirira ngodya ya kunja. Akatha apesenso kuti utoto usakanikirane ndi tsitsi, ndipo madzulo asambe ndi sopo asanagone. Akatero nkhope ikhala yake yomwe, ndipo woiona sadzayamba kuona pensulo.

Inu amayi a Mvano ndi alangizi a atsikana, nkhani iyi nja inu. Musangokalipa, pakuti mwana wokalipiridwa akameta kuseri kwa nyumba. Khalani naye pansi, mumfotokozere ntchito ya nsidze, ngozi ya lezala lobwerekana, ndi chizindikiro cha matenda. Ndipo inu eni masaluni, ngati wina aumirira kumetedwa, tsegulani lezala latsopano iye akuona. Mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi moyo wa munthu amene wakhala pa mpando wanu.