ZA PA KHOMO: Loto la Nyumba ndi Thumba la Mlimi

Munthu amene ayenda pa mseu waukulu wa Great East, kucokera ku Nyimba kupyola Petauke, Sinda ndi Katete kufikira ku Chipata, sangalephere kuona zinyumba zimene zinaimira pa mazenera. Makoma ace ndi a njerwa zoocha zabwino ndithu, zipinda zace munthu akaziwerenga zifika 6 kapena 7, koma pamwamba pace pali thambo lokha. M'kati munamera cisoso ndi bonongwe, mbuzi ndizo zipumulamo masana, ndipo mwini wace akali kugona m'kanyumba kakale kothonya pambali pomwepo. Amene anamanga makoma amenewa si anthu aulesi ai. Ndi anthu a khama amene loto lao linakula kuposa nkhokwe yao.

Loto lenilenilo liribe colakwa. Banja liri lonse lilakalaka kanyumba kaukhondo, kozizira mu October ndi kofunda mu June, kokhala ndi khonde loyang'ana kum'mawa pamene agogo angaotherepo dzuwa, mtengo wa mango pabwalo ndi maluwa m'mbali mwa ciundo. Bvuto liyamba pamene bambo aona pa foni cithunzi ca nyumba ya ku Lusaka ya madenga opindika-pindika, nauza mmisiri kuti afuna yotero, osakumbuka kuti mwini wa nyumba ija alandira malipiro mwezi ndi mwezi, pamene mlimi alandira kamodzi pa caka, ndiponso mvula ikalola. Cilala ca mu 2024, cimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February caka comweco, cinaonetsa poyera kuti pa zokolola za mawa munthu sangalumbirepo.

Njerwa yoyamba isanaumbidwe pali funso limene mabanja ambiri acita nalo manyazi, ndilo lakuti nyumbayo idzakhala pa malo a yani. Pakati pa Acewa mwamuna wa cikamwini akhala kwao kwa mkazi, ndipo kale izi sizinali kubvuta cifukwa nyumba ya mitengo ndi dothi munthu anali kuisiya osagwetsa msozi. Nyumba ya njerwa ndi malata sinyamulika. Mkazi wa citengwa nayenso angaponde dothi natunga madzi a njerwa zonse, koma maliro a mwamuna wace atatha n'kuuzidwa kuti pamudzipo ndi mlendo. Lamulo la mu 1989 lonena za cuma ca masiye silifika pa malo a mafumu, cotero cimene citeteza mai ndi ana kumudzi ndi mau onenedwa poyera eni ace onse akali moyo. N'kwanzeru kuitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi a nyakwawa, kuonetsa malire ndi kulemba papepala zimene agwirizana. Kwa amene afuna pepala la boma la zaka 99, lamulo la malo la mu 1995 linatsegula njira, koma njirayo idzera kwa mfumu ndi ku khonsolo, ndipo idya ndalama ndi nthawi.

Malowo akhale okwera. Dothi lakuda la kudambo lifufuma ndi mvula ndi kung'ambika ndi dzuwa, ndipo khoma lomangidwapo ling'aluka nalo limodzi.

Tsono za ukulu wace. Nyumba ya mamita 7 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi ikwanira bwino lomwe zipinda ziwiri zogona ndi cipinda cocezera. Khichini, bafa ndi cimbudzi zingakhale panja monga mwa masiku onse, bola cimbudzi citalikirane ndi citsime mamita 30 kapena kuposapo. Khoma la mainchi 9 lidya njerwa ngati 100 za muyeso wamba pa sikweya mita imodzi, ndipo powerengera maziko, makoma a m'kati ndi zimene zisweka mu uvuni, nyumba yotere ifuna njerwa pakati pa 10,000 ndi 12,000. Ciwerengeroci cioneka cacikulu, koma ndico gawo la nyumba limene sitolo siligulitsa kwa mlimi wanzeru. Dothi la paculu liripo, cikombole apanga kalipentala wa m'mudzi ndi timatabwa totsala, ndipo miyezi ya June ndi July, nchito ya kumunda itapuma, ndiyo nyengo youmba. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mabanja atatu kapena anai amene aumbirana mosinthana amaliza zikombole zao kutentha kwa October kusanafike, osalipira munthu wa ganyu ngakhale mmodzi.

Uvuni uli ndi mlandu wace. Udya mitengo yaikulu-ikulu, ndipo m'midzi yambiri ya cigawo ca kum'mawa amai ayenda kale mtunda wautali kufuna nkhuni zophikira. Si njerwa zonse ziyenera kupita pamoto. Zoocha zifunika kumaziko ndi m'mizere ya pansi imene madzi a mvula adonthera. Kucokera pamenepo kupita m'mwamba, zidina zouma bwino ndi dzuwa zigwira nchito yomweyo ngati khomalo lamatidwa bwino ndipo denga laliphimba. Ena anyoza zidina kuti ndi za amphawi. Amenewo akalowe m'nyumba ya zidina masana a mu October, kenaka akalowe m'nyumba ya mabuloko a simenti yopanda siling'i, adzadziwa okha kumene mwana wakhanda angagone tulo.

Simenti ndiye mbala ya ndalama za omanga, cotero iyenera kuikidwa pokhapo pamene dothi silingathe. Pamenepa ndi pamaziko, pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndi pansi pa nyumba ngati ndalama zatsala. Makoma a pakati angamangidwe ndi dothi la paculu, simenti n'kudzapakidwa kunja caka cina. Maziko akumbidwe kufikira pa nthaka yolimba, osati pamene khasu la wokumba latopera, ndipo akwere masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa bwalo. Pamenepo ayalepo pepala lakuda la pulasitiki khoma lisanayambe. Pepala limeneli n'locepa mtengo, koma ndilo liletsa cinyontho kukwera m'khoma, cija cicititsa njereza kusupuka ndi zobvala kununkha nkhungu mu February. Pomangira njerwa, muyeso umodzi wa simenti pa miyeso 6 ya mcenga woyera ukwanira, ndipo pomangapo pathiridwe madzi masiku 7, cifukwa simenti ilimba ndi madzi, osati ndi dzuwa monga ambiri aganizira. Cina n'cakuti thumba la makilogramu 50 silisungika ngati thumba la nshawa. Likakhala miyezi yowerengeka m'nyumba yacinyezi lisanduka mwala, motero ligulidwe mmisiri ali kale pakhomo.

Pa denga ndipo pagona nkhani yonse, pakuti zinyumba zija za m'mbali mwa mseu zinafera pamenepa. Denga la mbali ziwiri, lopanda ngodya zambiri, pa nyumba ya mamita 7 ndi 6 lifuna malata pakati pa 22 ndi 24 a mamita 4. Denga lopindika-pindika pa nyumba yomweyo lifuna ambiri kuposa apa, cifukwa malata adulidwa copingasa ndipo zidutswa zace zithera pa khola la nkhuku. Komanso pali ponse pamene madenga awiri akumana ndi pamene mvula idzayamba kulowera. Pogula, mlimi afunse kukhuthala kwa lata, asayang'ane mtundu wa penti cabe. Pa malata a geji, nambala ikakula lata licepa mphamvu: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Lata lopyapyala lipindika mmisiri akangolipondapo, ndipo ling'ambika pa misomali mphepo ya mkuntho ikabwera. Mitengo ya denga ipakidwe mankhwala a ciswe, ndipo imangiriridwe kukhoma ndi waya wokwiriridwa mizere ingapo pansi m'njerwa. Denga longosanjikidwa, lopsinjidwa ndi miyala ndi matayala akale, liuluka ndi mvula yoyamba ya mu November. Ndipo denga lituluke kunja kwa khoma masentimita ngati 60 mbali zonse. Omanga ena afupikitsa pamenepa kuti apulumutse lata limodzi kapena awiri, koma khoma ndilo lilipira caka ndi caka.

Amene ndalama za malata sizinakwane asacite manyazi ndi udzu. Denga la udzu lofoleredwa mokhuthala ndi lotsetsereka kwambiri silithonya, ndipo pa kuzizira palibe lata lingalipose. Mahotela a ku Mfuwe kumene alendo a maiko akutali alipira ndalama zambiri kuti agonemo, ambiri a iwo ndi ofoleredwa ndi udzu womwewu.

Pali kampata kamodzi kamene amisiri akonda kukasiya, pakati pa mutu wa khoma ndi denga. Udzudzu wa malungo ulowera pamenepo usiku, potsata fungo la anthu ogona. Kutseka mpatawo ndi njerwa ndi dothi, ndi kuika sefa ya waya pamazenera kuti mphepo idzilowabe, ndi nchito ya tsiku limodzi, ndipo mtengo wace sufika pa ndalama zimene banja litaya pa maulendo a kucipatala m'dzinja limodzi. Maneti agwiritsidwebe nchito monga mwa kale.

Za ndalama, njira imene yathandiza alimi ambiri ndiyo kumanga molingana ndi zokolola. Caka coyamba aumba njerwa, nagula malata ndi ndalama za thonje, soya kapena mpendadzuwa, asanu lero, asanu mwezi wa mawa, nawasunga pouma. Lata siliola, silidyedwa pa maliro, ndipo m'bale wobwera kudzapempha ngongole salinyamula, pamene ndalama ya m'thumba ili ndi miyendo. Caka caciwiri, zitseko ndi mafelemu a mazenera zitapezeka, ndipo aitana mmisiri, kuti makoma akangokwera denga likwere nthawi yomweyo mvula isanagwe. Cilimba ndi mabanki a m'mudzi zithandiza pa kugula kotere. Kaloba ndiye wosayenera kuyandikira nyumba konse, cifukwa nyumba sibala ndalama zobwezera ngongole ya ciwongola dzanja ca mwezi ndi mwezi, ndipo pali mabanja amene anagulitsa ng'ombe zolimira kuti aombole makoma opanda denga. Cimanga ca cakudya naconso cisagulitsidwe cifukwa ca simenti. Njala ya mu January siona kukongola kwa khonde.

Mmisiri apangane naye pamaso pa mboni, ndipo alipidwe m'zigawo: maziko akatha, makoma akafika pamwamba, denga likakhomedwa. Womupatsa zonse poyamba adzamfunafuna m'misika ya boma lonse.

Kwa banja limene liopa kuti zipinda ziwiri zidzacepa ana akakula, mmisiri wodziwa nchito ali ndi yankho lace. Pa khoma la kumapeto, kumene denga la mbali ziwiri lithera, asiya njerwa zotuluka ngati mano mzere ndi mzere, ndiponso aikiratu mtanda wa khomo limene litsekedwa ndi njerwa zomangira dothi. Caka cimene nshawa zidzacita bwino, khomolo ligumulidwa ndi manja, cipinda cacitatu cilumikizidwa pa mano aja, ndipo malata 8 kapena 10 aonjezedwa pa denga lomwelo, banja liri m'nyumba osatulutsa ngakhale mphasa.