Atsikana a ku Chitipa asamangozungulira bwalo

Mwezi wathawu ndili kwathu ku Chitipa ndinaima pa bwalo la sukulu ina kufupi ndi pa Boma kuonerera atsikana akuphunzira mpira. Kochi wao, mnyamata wodzipereka amene salandira ndi tambala yomwe, anawalamula kuzungulira bwalo ka 15. Ali wefu-wefu choncho ndi pamene anawaponyera mpira. Nditamufunsa, anati akufuna anawa akhale ndi liwiro la Temwa.

Cholinga nchabwino, koma njira ndiyo yaphonya. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi konkuno kumpoto, anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current. Mkulu wake Tabitha anatsogolapo pa zigoli ku Italy ndi ku France. Amene munaonera Scorchers ikutenga chikho cha COSAFA mu 2023, itakwapula Zambia 2-1, mukudziwa kuti Temwa akangoti phaa, otchinga kumbuyo amatsala, ndipo womugunda phewa ndiye amagwa. Liwiro lotere gwero lake ndi mphamvu ya m'chiuno ndi m'ntchafu, imene imakankha nthaka phazi likaponda. Kuzungulira bwalo pang'ono-pang'ono kumapatsa mpweya, inde, koma kumazolowezanso miyendo kuthamanga mwaulesi.

Ena muti mtsikana wa ku Misuku kapena ku Wenya mphamvu ali nazo kale, si uja amakwera phiri atasenza ndowa ya malita 20? Zoona, nzolimba ntchito zimenezo. Koma ndowa imafuna kupirira, pamene mpira umafuna kuphulika pa mamita 10 kapena 20 oyambawo, kuima mwadzidzidzi, nkutembenuka. Izi zimaphunzitsidwa, ndipo sizilira jimu ya ku Blantyre. Chitunda chilichonse nchokwanira, ndipo ku Chitipa zitunda sitichita kugula. Mtsikana athamange chokwera ndi mphamvu zake zonse mamita 20, atsike akuyenda, apume mokwanira, abwereze kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Anjute ndi kudzuka, poyamba ndi miyendo yonse, kenaka ndi mwendo umodzi. Adumphe nkutera mawondo atapinda, osalola kuti agundane. Kawiri pa sabata basi, osati tsiku ndi tsiku.

Zoterazi zimatetezanso bondo. Madokotala a zamasewera anapeza kale kuti mtsempha wa mkati mwa bondo umaduka kawiri-kawiri kwa akazi kuposa amuna. Osewera wa ku Lyon akavulala chonchi amapita ku opaleshoni. Wa ku Kameme ndiye kuti mpira wathera pomwepo, mwinanso nkumatsimphina popita kumunda. Pali ndondomeko ya mphindi 20 yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, imene inayesedwa pa atsikana a ku Norway ndipo inachepetsa kuvulala. A FAM, kodi nchovuta chiyani kuisindikiza pa pepala nkuitumiza kwa makochi a m'maboma?

Kunena zoona, vuto lina lili kunyumba. Alipo azakhali amene amati mtsikana akalimba minofu asanduka mwamuna, kapena sadzabereka. Bodza lamkunkhuniza! Chimene makolo ayenera kudera nacho nkhawa ndi chakudya. Minofu simera ndi nsima ya masamba okha-okha, ndipo mtsikana amene akutha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi, choncho amafuna nyemba, mtedza, mazira ndi usipa.

Apa ndiye ndatembenukira kwa inu a bizinesi, maka-maka ochokera kumpoto amene muli ndi mashopu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nyengo ya kampeni ikafika timaona zikho zonyezimira ndi mayunifolomu, kenaka zii. Mu 2025 Scorchers inapeza malo ku mpikisano wa Africa kwa nthawi yoyamba, tonse tinaimba nthungululu. Timu imene ndinaiona ku Chitipa ija, thumba limodzi la nyemba pa teremu lingaithandize kuposa chikho. Kochi uja ndamulonjeza pinto ndi zitini zitatu za mtedza; nyembazo ndikudikira inu.