Ku Nyika kusamafike a Land Cruiser okha

Nyengo yozizira ikayamba kuno ku Doha, cha mu Novembala, msewu wa Al Shamal umadzaza ndi mabanja olowera kumpoto tsiku Lachisanu. Bambo pa chiwongolero, mayi pambali ndi fulasiki ya tiyi, ndipo akayenda makilomita pafupifupi 100 amakhala afika ku Al Zubarah. Kumeneko kuli linga lomangidwa mu 1938 ndi mabwinja a mzinda wa amalonda a ngale umene unawonongedwa mu 1811, ndipo UNESCO inaika malowa m'kaundula wake mu 2013. Kupatula apo, mbali yaikulu ya kumpoto kwa Qatar ndi mchenga, miyala ndi midzi ya asodzi imene eni ake anasamukamo kalekale. Komabe anthu amapita, chifukwa phula limakafika pakhomo penipeni ndipo kagalimoto kalikonse kamakwanitsa ulendowo.

Tsono taganizani za banja la ku Lilongwe limene lasunga kangachepe kuti likapume ku Nyika. Chimene akupitira n'chachikulu. Paki imeneyi, yoyamba m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 3,000, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lonse la Qatar. Kuli mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi nyalugwe, kuli njovu 34 zimene anazibweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2017, ndiponso mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka. Pa M1 mpaka Mzuzu banjali liyenda ndithu, ku Rumphi lifika. Koma phula limatha chipata cha Thazima chikadali kutali, ndipo kuchoka pa chipatacho kukafika ku kampu ya Chelinda ndi makilomita ena pafupifupi 60 a fumbi ndi zitunda. Chowawa n'chakuti maluwa aja amachita bwino m'dzinja, nthawi imene Vitz kapena Sienta imatitimira m'matope. Ine ndikuti msewu wa Rumphi–Nyika–Chitipa, umene maboma akhala akuulonjeza mosinthana pa misonkhano ya kampeni, ndiwo ukusankha amene angaone Nyika, ndipo ukusankha olemera.

Wina anena kuti Qatar ili ndi ndalama za gasi, ife tilibe. N'zoona, ndipo palibe akupempha msewu wa mizere inayi wokhala ndi magetsi. Koma msewu wa Karonga–Chitipa unamangidwa m'dziko losauka lomweli. Komanso tikamati msewu wa ku Nyika timalakwitsa ngati tikuganiza za alendo okha. Ndi msewu wa mlimi wa ku Hewe wofuna kutulutsa fodya ndi chimanga chake, ndi wa mayi woyembekezera wa ku Nthalire amene ambulansi ikuyenera kumufikitsa ku chipatala mvula ikugwa. Banja lokaona mbidzi lingodyera nawo.

Chodandaula china n'cholemerapo: akuti phula lidzapha chipululucho, magalimoto adzagunda nyama, opha nyama mozemba adzalowa mosavuta. Za liwiro ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake m'kati mwa paki, kunjira yokhotera ku Chelinda, msewu wa miyala wosamalidwa chaka chonse ungakwane, ndipo pamsewu waukulu paikidwe mahampu. Koma za opha nyamazo sindigwirizana nazo. Wotchera misampha ndi wokumba chinaka amalowa wapansi, matope sawaopa. Amene msewu woipa umamuchedwetsa ndi msilikali wa gemu pa galimoto yake. Mu 2023 boma linasaina pangano la zaka 20 ndi Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, ndipo paki yofuna kudziimira payokha imadalira anthu olipira pa geti. Geti yosafikika idzatolera chiyani?

Ndiye pali amene amati kukoma kwa ulendo wa ku Nyika n'kuvutika komweko. Mawu amenewa amatuluka kawirikawiri m'kamwa mwa amene ali mu Land Cruiser ya matayala awiri apadera, kapena amene amatera pa kabwalo ka ndege ka ku Chelinda fumbi osalilawa. Pamene paki inakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anachotsedwa m'midzi mwawo kuti nyama zipeze malo. Ana ndi adzukulu a anthu amenewo sangauzidwe lero kuti akhalebe m'matope pofuna kuti mlendo amve kukoma.

Aphungu a ku Rumphi ndi ku Chitipa, bajeti ikabwera ku Nyumba ya Malamulo mufunse nduna ya zamtengatenga makilomita amene aikidwa phula chaka chino ndi tsiku limene ntchito idzathe, ndipo yankholo mukatiwerengere pa wailesi.